Mabokosi a makalata pa njanji yaing'ono: mafunso ndi mayankho

Womanga njanji yaing'ono pa tebulo amayambira pa zikuluzikulu: njanjiyo, siteshoni, mlatho, phiri. Tinthu ta m'mphepete mwa msewu timabwera kumapeto mphamvu zitatha, ndipo ambiri amangotigula m'paketi n'kutimwaza paliponse pamene paoneka mpata. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwerabwera pa kanthu kamodzi mwa timeneti, kabokosi ka makalata, makamaka kwa amene akufuna kukapanga ndi manja awo.

Kanthu kochepa chonchi n'koyeneradi kutayirapo nthawi?

Ine ndimati n'koyenera, ndipo chifukwa chake si kukongola ayi. Bokosi la makalata limaulula zinthu ziwiri zimene nyumba zanu zambiri sizinganene: dziko limene tauni yanuyo ili, ndi zaka zimene mwasankha. Nyumba ya njerwa ikhoza kukhala ya kulikonse. Koma imikani kamzati kofiira kozungulira pakona pa msewu, woonera wafika kale ku Britain inu musanatsegule pakamwa. Kabokosi kabuluu ka miyendo inayi ndi ka ku America, ndipo ndi ka kuyambira 1971 kubwera kuno. Kachikasu kopachikidwa pakhoma kamakutengerani ku Germany, France kapena Switzerland. Tsoka lake n'loti mukalakwitsa kamakuululaninso chimodzimodzi. Ndiye mphamvu zanu ziyambe zapita pa msinkhu wake, mtundu wa penti, ndi malo amene kaima. Timaloko ndi timahinjesi n'ta pambuyo, ndipo nthawi zambiri diso silitiona n'komwe.

Ndidziwa bwanji kukula kwake?

Tengani muyeso wa bokosi lenileni m'mamilimita, mugawe ndi nambala ya sikelo yanu, imene imasonyeza kuti chinthu chenicheni chachepetsedwa kangati. Sikelo iliyonse ili ndi dzina la zilembo. HO ndi 87, OO ya ku Britain ndi 76, O ndi 48 ku America koma 43.5 ku Britain, Z ndi 220. N ndi 160 m'mayiko ambiri, 148 ku Britain, ndipo sitima zambiri za ku Japan ndi 150.

Pali msampha umene umakola ambiri. Sitima za HO ndi za OO zimayenda pa njanji imodzimodzi, imene zitsulo zake ziwiri n'zotalikirana mamilimita 16.5, ndiye anthu amaganiza kuti katundu wakenso amasakanizika. Pa mtengo kapena mwala, inde, palibe amene angadziwe. Pa chinthu chimene munthu amaima pambali pake, zimaonekeratu. Munthu wotalika mita 1.75 amakhala mamilimita 20 mu HO, 23 mu OO, 11 mu N. Bokosi la OO mukaliika pa msewu wa HO, kamunthu kanu kamaoneka ngati mwana wotumidwa kukaponya kalata ya bambo ake.

N'chifukwa chake pa tebulo logwirira ntchito pasamasowe kamunthu kamodzi ka sikelo yanu, kaya ka Preiser kaya ka kampani ina iliyonse. Rula imakuuzani nambala, kamunthuko kamakuuzani ngati zikuoneka zoona. Ngati miyeso ya bokosi lenileni mulibe, pezani chithunzi chimene munthu waima pambali pake, muone kuti pakamwa pa bokosilo pakufika pati pa thupi lake, muyambire pamenepo.

Bokosi liti likugwirizana ndi zaka za njanji yanga?

Apa ndi pamene pali nkhani yaitali, ndipo ndi pamene anthu odziwa amakugwirirani.

Mabokosi oyamba a m'misewu a positi ya Britain anaimikidwa ku St Helier, pa chilumba cha Jersey, mu 1852. Kwa zaka zingapo ankapakidwa penti wobiriwira, anthu n'kumadandaula kuti sakuoneka. Ofiira anayamba ku London mu 1874, ndipo panatenga zaka pafupifupi 10 kuti onse afiire. Bokosi la makona 6 lotchedwa Penfold linkapangidwa kuyambira 1866 mpaka 1879, kenako kunabwera lozungulira lija limene ambiri timalidziwa. Kutsogolo kwake kumakhala zilembo za mfumu imene inali pampando pamene linkapangidwa: VR za Victoria, GR za George V, EIIR za Elizabeth II, amene anali pampando kuyambira 1952 mpaka 2022. Ku Scotland kunabuka mkangano m'zaka za m'ma 1950 pa nambala II imeneyi, chifukwa dzikolo silinakhalepo ndi Elizabeth woyamba, ndipo kuchokera pamenepo mabokosi a kumeneko amangokhala ndi chisoti chachifumu cha Scotland. Ku Ireland, dzikolo litayamba kudzilamulira mu 1922, mabokosi akale sanawazule, anangowapaka penti wobiriwira, zilembo za mafumu a Britain n'kumaonekerabe pansi pa pentiyo. Ngati njanji yanu ndi ya masiku ano, mungathe kuikapo limodzi lagolide, chifukwa mu 2012 ena a ku Britain anapakidwa choncho polemekeza akatswiri a masewera a dzikolo amene anapata mendulo za golide pa masewera a Olympics ndi Paralympics. Limodzi basi, osati msewu wonse.

Ku America nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, asilikali anatsala ndi penti wambiri wobiriwira modera, n'kumupereka ku positi. Mtundu umenewo unakhala pa mabokosi mpaka 1955, pamene mkulu wa positi Arthur Summerfield analengeza pa 4 Julayi kuti akhala ofiira pamwamba, abuluu pansi, zilembo zoyera. Buluu yekhayekha anabwera mu 1971, chaka chimene bungwe la positi la USPS linakhazikitsidwa. Ambiri amakonda kumanga America wa m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa 1950, nthawi imene sitima za nthunzi zinkasiyira malo za dizilo, kenako amaika kabokosi kabuluu pakona. Kameneko kafulumira ndi zaka 20.

Ku Germany chikasu chimene tikuchidziwachi chinakhazikika nkhondo yachiwiri itatha. Kuyambira 1934 mpaka nthawi imeneyo mabokosi anali ofiira.

Lamulo lothandiza ndi ili: bokosi lakale likhoza kupezeka m'zaka za pambuyo pake, koma latsopano silingabwerere m'mbuyo. Mabokosi a VR alipobe m'misewu ya ku Britain mpaka lero, akulandira makalata. Koma EIIR pa njanji ya 1935 ndi bodza.

Nanga tija ta kumidzi ya ku America, tokhala pamtengo ndi kambendera kofiira?

Amenewa ndi osavuta kuposa onse, ndipo ndi pabwino poyambira. Kapangidwe kake ka denga lozungulira kanachokera kwa Roy Joroleman, injiniya wa positi, mu 1915, patadutsa zaka 19 chiyambire ntchito yokapereka makalata kumidzi mu 1896. Lenilenilo ndi lotalika pafupifupi mainchi 19, m'lifupi 6 ndi theka. Mu HO ndiye kuti mamilimita 5.5 m'litali, 2 m'lifupi, 2.5 msinkhu. Ndi njere ya mpunga ndithu.

Musayese kusema kamodzikamodzi, zala zanu sizingakagwire. Tengani kandodo katali ka pulasitiki wotchedwa styrene, ka mamilimita 2 kwa 2.5, monga timene amapanga a Evergreen kapena Plastruct. Kagonekeni pa tebulo, mukhule mbali imodzi yopapatiza ndi sandipepala, uku ndi uku, mpaka kandodo konse kakhale ndi msana wozungulira. Mukatero dulani tizidutswa ta mamilimita 5.5 ndi lumo lakuthwa. Kandodo kamodzi kamakupatsani mabokosi okwanira mudzi wonse, onse ofanana. Chitseko ndi kachidutswa ka styrene wopyapyala kwambiri komatidwa kutsogolo. Kadulireni kokulirapo, guluu akauma muchepetse m'mbali ndi katupa, musiye kamlomo kakang'ono kozungulira.

Mtengo wake ndi kandodo ka milimita 1 mbali zonse. Positi ya ku America imafuna kuti bokosi likhale mainchi 41 mpaka 45 kuchokera pa msewu, ndiye mu HO ndi mamilimita 12 mpaka 13, mu N pafupifupi 7. Kambendera ndi kapepala kopakidwa penti wofiira mbali zonse ziwiri, ndipo kamakhala kudzanja lamanja mukaima pa msewu kuyang'ana chitseko. Kumbukirani tanthauzo lake: mwini nyumba amakadzutsa pouza wa positi kuti muli kalata yoti atenge. Ndiye musadzutse tonse. Pa mabokosi 6, kamodzi kapena tiwiri n'tokwanira.

Bokosi lofiira lozungulira la ku Britain ndilipanga bwanji?

Linkapangidwa m'misinkhu iwiri, lonenepa la pafupifupi mainchi 19 kupingasa ndi lowonda la pafupifupi 15. Mu OO, lonenepalo ndi kandodo kozungulira ka mamilimita 6.4, lowondalo ka 5, ndipo pamwamba pa nthaka limatalika pafupifupi mamilimita 20.

Manitsani kandodoko m'chobowolera chamagetsi, chizizungulira pang'onopang'ono, inu mukugunditsa katupa. Mukathamangitsa, pulasitikiyo amatentha n'kuyamba kunanda ngati phula. Chipewa chake ndi kadisiki kokulirapo pang'ono kuposa thupi, kodulidwa pa styrene wa milimita 1. Pamwamba pake ikani kadontho ka Milliput, phala lomata limene limauma n'kulimba, mukasalaze ndi chala chonyowa kuti kakhale kotumbuka pakati. Kumunsi kulungani kalamba ka pepala kawiri, ndiye tsinde lakuda lija. Chitseko musachidule, ingokandani mizere yake ndi nsonga ya singano.

Pakamwa ndi pamene anthu amawonongera ntchito. Amafuna kuboola kabowo keniyeni, mpeni n'kuterereka, thupi lonse n'kung'ambika. Matani kachingwe kopyapyala ka styrene mopingasa, kakhale ngati chikope, ndipo penti akauma lembani kamzere kakuda pansi pake ndi cholembera cha nsonga yaing'ono. Pa mtunda wa theka la mita palibe angasiyanitse ndi bowo.

Labuluu la miyendo inayi lija?

Mu HO ndi pafupifupi mamilimita 14 msinkhu ndi 6.4 mbali zonse. Tengani kandodo ka makona anayi, muzungulitse pamwamba kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti kupindikako kuzioneka mukayang'ana cham'mbali. Miyendo musamate payokha, imathyoka tsiku lomwelo. Tembenuzani kabokosiko, mupale pansi pake ndi katupa mizere iwiri yopingasana ngati mtanda, mozama milimita imodzi ndi theka. Makona anayi otsalawo ndiyo miyendo, ndipo ndi yolimba chifukwa ndi thupi limodzi ndi bokosilo.

Guluu wabwino ndi uti?

Styrene ndi styrene mnzake zimafuna guluu wamadzimadzi wa pulasitiki, amene amasungunula mbali ziwirizo kuti zilowane. Gunditsani zidutswazo kaye, kenako khudzitsani kaburashi pamzere wolumikizira, guluuyo amalowa yekha. Pa chitsulo, waya kapena resin (pulasitiki wamadzimadzi amene amauma n'kulimba) guluu ameneyu sagwira, pamafunika supaguluu. Musamufinyire pa kabokosi mwachindunji. Donthezani pa kachidutswa ka pulasitiki, muzitapa ndi nsonga ya singano. Akachuluka amasiya nkhungu yoyera pa penti.

Ndapaka penti wofiira koma watuluka wakuda ngati chiwindi. Chalakwika n'chiyani?

Andakoti, penti woyamba wopaka pansi. Zinandichitikira ine pa bokosi langa loyamba: ndinapaka andakoti wotuwa monga ndimachitira ndi ngolo za sitima, pamwamba n'kuikapo wofiira katatu konse, koma linatuluka lofanana ndi njerwa yopserera, ndipo mizere ya chitseko ija inali itakwiririka. Penti wofiira ndi wachikasu amaonetsa zimene zili pansi pake. Amafuna andakoti woyera. Buluu ndi wobiriwira sasankha.

Sungunulani penti wanu, mupake mopyapyala kawiri kapena katatu, m'malo mopaka kamodzi kokhuthala. Pa kanthu ka mamilimita 6, penti wokhuthala amadya makona onse, kabokosi n'kusanduka kambulu. Pa ofiira a ku Britain ambiri amagwiritsa Humbrol nambala 19, koma mtundu wina uliwonse wofiira mowala wa Tamiya kapena Vallejo umagwira ntchito. Kunena za kunyezimira, bokosi lenileni limawaladi likangopakidwa kumene, koma kuwala komweko pa kanthu kakang'ono kumakaonetsa ngati choseweretsa cha ana. Malizani ndi vanishi wongowala pang'ono, kapena wosawala n'komwe.

Pogwira popaka, boolani kabowo pansi, mulowetsemo kawaya, mukabaye pa chivindikiro cha botolo kapena pa kachidutswa ka siponji. Kawaya komweko kadzakuthandizaninso poimika.

Zilembo ndi zizindikiro ndiziika bwanji?

Printa wamba ya panyumba silemba zoyera, imadalira kuyera kwa pepala. Ndiye zilembo zoyera pa bokosi labuluu zimafuna pepala loyera la decal, limene zosindikizidwapo zimamatuka likaviikidwa m'madzi n'kumatidwa pa chinthu: sindikizani buluu mozungulira zilembozo, mudule, mumate, m'mbali mwake mubise ndi penti wa mtundu womwewo. Ngati printa yanu ndi ya inki yamadzi, popani vanishi pa pepalalo musanaliviike, apo ayi inki yonse isuluka. Decal imagwira bwino pa penti wosalala, ndiye imateni musanapake vanishi wosawala uja.

Koma dzifunseni kaye ngati zilembozo zidzawerengeke. Mu O, inde. Mu HO ndi OO, pang'ono. Kambale koyera kolembapo nthawi zotengera makalata kamene kamakhala pa bokosi la ku Britain, kapepala koyera ka mamilimita 2 kokhala ndi timizere tiwiri ta pensulo kamakwanira. Zilembo za mfumu pa bokosi lenileni n'zotukuka pa chitsulo ndipo kawirikawiri zimapakidwa kufiira komweko, choncho tidontho tiwiri ta penti wokhuthalako timapereka mthunzi woyenera.

Ndikufuna ambiri. Ndipange limodzilimodzi?

Ayi. Pangani limodzi labwino kwambiri, mulithire silikoni kuti mupeze chikombole, kenako muzithiramo resin wa mabotolo awiri osakaniza. Vuto lake ndi timpweya totsekeredwa m'makona. Tokosanimo ndi kamtengo kosongoka resin asanayambe kuuma.

Njira ina ndi printa ya 3D. Ya resin imaika magawo opyapyala mpaka mamilimita 0.05 kapena kucheperapo, ndipo imatulutsa ngakhale zilembo za mfumu zija. Ija yosungunula ulusi wa pulasitiki, imene kamlomo kake kamakhala mamilimita 0.4, imasiya mizere imene pa bokosi la HO imaoneka ngati malata. Resin wosauma si wogwira ndi manja: valani magolovesi, tsegulani mawindo, ndipo pokhula nyowetsani sandipepala kuti fumbi lisakulowereni m'mapapo.

Kugulanso si tchimo. Makampani ngati Noch, Faller, Busch, Woodland Scenics ndi Langley Models amagulitsa tinthu totere. Ogula amangofunika kupalidwa mzere wa chikombole ndi kupakidwanso penti, chifukwa pulasitiki wosapaka amadziwika patali.

Mu N ndi Z n'zotheka?

N'zotheka, bola musiye zambiri. Bokosi la kumidzi mu N ndi mamilimita 3 basi. Kachidutswa ka kandodo pa kawaya, penti wotuwa, kadontho kofiira pambali, mwamaliza. Mu Z ine sindivutika n'komwe ndi kambendera.

Tizidutswa timangothawa pa chopanira n'kusowa. Pali mankhwala?

Mankhwala enieni palibe. Mumamva kuti "thi!", kachitseko kamene mwakhula kwa mphindi 20 kapita, ndipo mudzakapeza chaka chamawa mukusesa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chimathandiza n'kusafinya chopanira mwamphamvu, kugwirira ntchito m'kati mwa chivindikiro cha katoni kuti zothawa zigunde khoma, ndi kunyamula tizidutswa ndi kamtengo kokhala ndi kaphula kunsonga. Ndipo nthawi zonse dulani tiwiri pamene mukufuna kamodzi.

Ndiliike pati pa njanji yanga?

Pamene munthu wonyamula kalata angadutse, ndiponso pamene wa positi angaime. Pakona pa misewu, panja pa positi ofesi, pafupi ndi mashopu, pakhomo la siteshoni. Likhale m'mphepete mwa njira ya oyenda pansi, osati pakati pake, ndipo pakamwa pake payang'ane kumene kukudutsa anthu. Ku Britain m'midzi ing'onoing'ono simuikidwa lalikulu lozungulira lija kawirikawiri. Mumakhala lolowetsedwa m'khoma, limene linayamba mu 1857, kapena kakang'ono komangirira pa mzati, kamene kanayamba mu 1896. Lam'khomalo ndi losavuta kwambiri kupanga: kachidutswa kafulati kofiira komatidwa pa khoma la siteshoni kapena la mlatho.

A kumidzi ya ku America amayang'ana msewu, mainchi 6 mpaka 8 kuchokera m'mphepete, amene mu HO ndi mamilimita 2 okha. Amakhala mbali imene wa positi amadutsira, kuti angotulutsa dzanja pawindo la galimoto, ndiye si zachilendo kuona anayi kapena asanu atandandalikana pa thabwa limodzi polowera kamsewu ka fumbi, eni ake akukhala kutali. Gulu lotere, lina lopendekeka, lina lamtundu wina, limaoneka lamoyo kuposa bokosi limodzi pakhomo lililonse.

Chinanso n'kusachulutsa. Tauni ya pa tebulo imakhala ndi misewu iwiri kapena itatu. Bokosi limodzi loponyamo makalata, mwina awiri, lakwana.

Poimika, boolani kabowo pansi, mulowetse kawaya kaja ndi kadontho ka guluu woyera wa matabwa. Guluu ameneyu amafewa ndi madzi, ndiye tsiku lina mukadzafuna kusuntha msewu simudzathyola kanthu. Onetsetsani kuti pansi pa bokosi sipakuoneka mpata. Chinthu choyandama pamwamba pa njira, ngakhale ndi theka la milimita, chithunzi chimachigwira msanga kuposa diso.

Ndilidetse kuti lioneke lakale?

Pang'ono chabe. Mabokosi a positi amapakidwanso penti nthawi ndi nthawi, si ngolo za malasha. Sungunulani penti wakuda kapena wodera mpaka akhale ngati madzi akuda, mukhudzitse pansi pa chipewa ndi m'mizere ya chitseko kuti mithunzi ituluke. Kumunsi pakani kafumbi ka choko cha pastel cha mtundu wa nthaka ya pamalopo. Penti wofiira ndi wabuluu amasuluka ndi dzuwa kuyambira pamwamba, choncho mungayeretseko denga lokha ndi kadontho koyera kosakaniza mu penti.

Dzimbiri lisungireni a kumidzi aja, chifukwa amenewo ndi a eni nyumba ndipo aliyense amasamala lake mmene akufunira. Kadontho kodera pa hinjesi, mtengo wotuwa wopendekera kumsewu, udzu utamera m'tsinde mwake. Limodzi mungalisiye chitseko chili pululu, mutalowetsamo kapepala koyera kopinda kotulukira kunja theka la milimita.